Njinga ikamalira popalasa: kotapini, kuwotcherera kapena katiriji?

Mwezi uno wokha anthu atatu andiimitsa pa Chitakale ndi funso limodzimodzi: "Achimwene, njinga yangayi ikungolira kwe-kwe ndikamapalasa, ndikawotcheretse?" Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndilembe pano kamodzi. Ine si makaniko. Ndimangonyamula zinanazi ndi matumba a chimanga pakati pa Limbuli ndi pa boma la Mulanje pa njinga yakuda yamakedzana ija, koma njira zonse zitatuzi ndinazilawa ndi thumba langa.

Musanatulutse ndalama, dziwani kaye chomwe chikulira. Fulemu ndi mapaipi, ndipo phokoso limayenda m'mapaipimo, moti mutha kulumbira kuti likuchokera kumapazi pomwe likuchokera pansi pa matako anu. Palasani choimirira. Likasiya, ndi chishalo, mangani maboti ake basi. Mukafika potsetsereka lekani kupalasa. Likapitirira, yang'anani masipoko ndi kaliyala. Koma likamabwera kamodzi pa kuzungulira kulikonse, phazi lomwelomwelo likamatsika, makamaka pachitunda muli ndi katundu, ndiye nkhani ili pakati, pomwe pamadutsa ekiselo ya mapedulo. Tsikani, gwirani kulanki (mkono wachitsulo wogwira pedulo), igwedezeni. Ikamasewera yokha inzake ili phee, ndi kotapini, kachitsulo kogwiriziza kulanki pa ekiselo. Zikamagwedera zonse ziwiri limodzi, ndi mabelo, timipira tachitsulo ta m'kati. Pedulo nayo imalira ikakhwepa. Sipanala ya 15 ikwanira, kungoti ya kumanzere imamangidwa chobwerera. Ambiri amathera mazinga pamenepo.

Za oyilo wakuda wa galimoto sinditaya nazo nthawi. Mukathira Loweruka, phokoso libwera Lachiwiri, litatenganso fumbi la katondo kulowa nalo m'mabelo.

Kotapini ndi kachitsulo kotchipa kuposa zonse panjinga, ndipo pa Limbuli, pa Nkando kapena ku Luchenza simungayende mashopu awiri osakapeza. Vuto lake n'lakuti anthu amakalowetsa molakwika kenaka n'kumakatukwana. Pali ya 9 mm ndi ya 9.5 mm, pamaso n'zofanana, koma mukaika yaing'ono m'bowo la yaikulu mudzakhala mukumanga mawa lililonse. Tengani yakale popita kogula. Chachiwiri, nati ya kumapeto kwake si yokokera kotapini. Ntchito yake n'kungogwira. Kotapini imakhomedwa ndi hamala, pansi pa kulanki mutachirikiza ndi kachidutswa ka paipi kuti nkhonyayo isapite ku mabelo, ndiyeno n'kumanga natiyo pang'ono. Mukaikoka ndi sipanala, mazinga amaphwatuka chifukwa chitsulo chake n'chofewa. Mbali yake yophwatalala ija mutha kuipala ndi fayilo kuti ikhale bwino. Ziwirizo ziyang'ane kosiyana, ina mutu kumwamba ina pansi, apo ayi mapedulo sakhala mzere umodzi ndipo mudzapalasa ngati wotsimphina. Mukayenda masiku awiri kapena atatu, khomaninso. Choipa chake ndi chomwecho, imafuna kuicheukira pafupipafupi, ndipo natiyo imadya miyendo ya mathalauzi.

Tsopano zowotcherera, pomwe pagona mkwiyo wanga.

Namondwe wa Freddy atatha mu Malichi 2023, tinkawoloka madzi ndi njinga paliponse pomwe milatho inakokoloka. Posakhalitsa yanga inayamba kulira mbali ya kumanzere. Ndinaima kwa mkulu wina wokonza njinga pansi pa mtengo, amene pambali pake pali makina owotcherera. Anagwedeza kulanki kamodzi n'kunena kuti, "Bambo, mudzatha ndalama ndi makotapini. Tingoipsereza apa, simudzamvanso phokoso mpaka kalekale." Mtengo wake unali ngati wa makotapini atatu. Dzuwa linali litapendeka, zinanazi zili pa kaliyala, ndinavomera. Anapsereza mbali zonse ziwiri, ati kuti inayo isadzayambe nayonso.

Kunena zoona, kwa milungu itatu njinga inali zii. Ndinawatamanda mkuluyo kwa anzanga awiri, ndipo mpaka lero ndimachita manyazi ndikakumana nawo.

Chomwe sanandiuze n'chakuti moto uja suthera pa kulanki. Umayenda mu ekiselo n'kukasungunula gilisi yemwe anatsala m'kati, ndipo m'katimo munali kale madzi amatope. Mlungu wachinayi phokoso linabwera lamtundu wina, osati kwe-kwe uja ayi, koma gudugudu ngati mphero ikugaya miyala, ndipo ndinkalimva m'mapazi. Mabelo anali atatha. Panjinga yabwinobwino imeneyi ndi ntchito ya ola limodzi: kugulula makotapini, kumasula kapu (chotsekera mabelo) ya kumanzere, kutsuka ndi palafini, kuika mabelo atsopano 11 mbali iliyonse, kupaka gilisi, kubwezera. Koma ekiselo ituluka bwanji makulanki atamatidwa uku ndi uku? Makaniko wachiwiri anangogwira pakamwa. "Madala, anakupangani zimenezi ndani?" Anatenga sowo ya zitsulo n'kuyamba kucheka, ine nditakhala pa njerwa, ndikuonerera tizidutswa ta chitsulo tikugwera m'fumbi. Sowo imodzi inathyoka, ndinalipira ndine. Ndinagula ekiselo, makapu, mabelo, kulanki ya kumanzere, ndi ya kumanja yomwe imabwera pamodzi ndi giya lake lalikulu, chifukwa bowo lake linali litapsa. Tsiku lonse la msika linapita. Ndalama ija ikanandigulira makotapini a zaka zingapo. Wowotcherera akamatchula mtengo, dziwani kuti akutchula theka loyamba lokha.

Palinso china. Nthawi zina kulira kumachokera pa fulemu yong'aluka, pomwe mapaipi amakumana pansipo. Pukutani matope muone ngati pali kamzere kadzimbiri kopyapyala ngati tsitsi. Apo pokha ndi pomwe ndingakutumizeni kwa wowotcherera, koma atayamba wachotsa ekiselo ndi mabelo.

Njira yachitatu ndi katiriji, ija achinyamata amati sealed. Mabelo ake ndi otsekeredwa m'kati, ekiselo yake ili ndi nsonga za makona anayi, ndipo kulanki imagwidwa ndi boti, popanda kotapini. Ndili nayo pa mountain bike ya kaunjika yomwe mwana wanga amapitira kusukulu. Chiperoni chimanyowetsa mlungu wathunthu, iyo osadandaula. Pa madzi ndi matope, apa yapambana, sindingakane. Koma siikonzedwa, ikatha mumataya yonse. Kuichotsa kumafuna zida ziwiri zapadera, chokokera kulanki ndi china cha mano cholowa mu kapu, ndipo si makaniko aliyense wa m'mudzi ali nazo. Wopanda zidazo amatenga hamala ndi tchizulo, ndipo mazinga a fulemu akatha, njinga yatha. Kuti muisamutsire panjinga yakuda muyenera kugulanso makulanki onse awiri, n'kuonetsetsa kuti kutalika kwa ekiselo kukugwirizana, apo ayi tcheni izingophotchoka. Nayonso imalira boti ikakhwepa, ndipo mukayenda nayo choncho bowo la makona anayi lija limasanduka lozungulira. Kulanki yoteroyo ngakhale mumange bwanji siigwiranso.

Ndiye amene mumayenda opanda katundu, mukukhala pafupi ndi boma kapena ku Luchenza komwe zida zimapezeka, gulani katiriji mupumule. Koma anzanga a kabaza ndi inu onyamula chimanga kuchokera ku Muloza, amene njinga ikakufera m'minda ya tiyi muyenera kuidzutsa ndi mwala komanso sipanala imodzi, khalani pa kotapini. Yendani ndi ziwiri zapadera m'kathumba, ndipo mvula ikatha chaka chilichonse tsegulani m'katimo mupake gilisi weniweni. Mwina ndikukondera, poti njinga yakudayi ndi yomwe yaphunzitsa ana anga.

Mkulu wa pansi pa mtengo uja akadalipo, ndipo timapatsana moni bwinobwino. Ekiselo yochekedwa ija ndinabwera nayo kunyumba, ndinaikhomera pansi kuseri kwa khitchini, pano ndimamangirirapo mbuzi.