Sukulu ya mkaka ya masiku atatu pa sabata: mmene tayionera ife kuno ku Area 25

Amayi anzanga angapo akhala akundifunsa za sukulu ya mkaka yomwe ana anga awiri amapita, poti imalola mwana kumabwera Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu basi, masiku enawo kumaphunzira pakhomo. Nde ndati ndilembe kamodzi kuti aliyense aone yekha ngati ingamuyanje. Ili mkati mwa Area 25 ku Lilongwe kuno, nyumba wamba yokhala ndi mpanda wa njerwa, ndipo ana amalowa 7:30 kuweruka 12 koloko. Wamkulu wanga ali ndi zaka zisanu, wamng'ono zitatu.

Chomwe chinandikoka poyamba ndi fizi, sindibisa. Ya masiku atatu ndi yotsikirapo ndithu poyerekeza ndi ya sabata yonse, amalandira pa Airtel Money ngakhale Mpamba, komanso amalola kupereka pang'onopang'ono teremu isanathe. Ine ndimasoka pakhomo, nde Lachiwiri ndi Lachinayi ndimakhala nawo ndekha, agogo awo aliponso. Kabaza wowatenga naye timangomulipira masiku omwe wawanyamulawo.

Koma chomwe chandipangitsa kukhalabe pamenepa ndi kope. Mwana aliyense wa masiku atatu ali ndi kope lake lomwe limayenda pakati pa sukulu ndi kunyumba. Anti awo, aphunzitsi awo kusukuluko, akalemba Lolemba kuti lero taphunzira lembo la m ndi maphatikizo ma me mi mo mu, pansi pake amalemba zoti ndikachite naye Lachiwiri, ndipo si homuweki yolemba masamba awiri ayi, ndi zinthu ngati mufufuze naye zinthu zisanu m'nyumba zoyamba ndi ma, nde mwana amazungulira nyumba yonse kukuwa madzi! mafuta! makala! mpaka kukalowa kukhitchini kwa agogo kukafunsa ngati matemba akuwerengedwa. Ine ndimalembamo mmene zayendera, pomwe wakakamira, ndipo Lachitatu anti amawerengadi, mumaona kuti ayankha ndi bolopeni yofiira. Tsiku lina ndinalemba kuti wamkuluyu akusokoneza b ndi d, sabata yomweyo anamukhazika pambali n'kumulembetsa pamchenga ndi chala, ndipo anandilembera kuti nanenso ndizimulembetsa pansi osati m'kope mpaka dzanja lizolowere. Tinapanga choncho pakhonde ndi khala, zinatheka. Chimenechi ndi chimene ndimalipirira ine, kuti munthu wophunzitsa mwana wanga amanditenga ngati mnzake pa ntchitoyi.

Masamu nawo sanatiuze kugula chilichonse. Zitsekerero za mabotolo, nyemba, timiyala. Wamkuluyu amandiwerengera mabatani ndikamasoka, kuika m'magulu ofiira paokha oyera paokha, ndipo kuwonkhetsa anayambira pamenepo. Wamng'ono ntchito yake ndi kumwaza basi, komabe mitundu waidziwa. Madzulo magetsi akathima agogo amayamba padangokhala, iwo tilitonse, ndipo anti anatipempha kuti mwana azikafotokozera anzake nthanoyo Lachisanu, mwakuti pano amamvetsera ndi khutu lonse poopa kukaiwala pakati pa anzake.

Tsiku la pakhomo musaganize kuti ndi kalasi ya mmawa wonse. Kukhala pansi kwenikweni sikufika olo ola, kwinako ndi kusankha nyemba, kuthirira ndiwo kuseri, kupita kumsika kukawerenga tomato pamulu, kusewera phada. Masiku ena oda ya yunifomu ikandipanikiza kope limatsegulidwa usiku, ndipo sanandikalipirepo pa zimenezo.

Za ukhondo ali bwino. Pakhomo la chimbudzi pali ndowa ya mpopi ndi sopo, ana amasamba m'manja pamzere asanadye phala la 10 koloko. Ine chichokereni kolera ija yomwe inachedwetsa kutsegulira sukulu ku Lilongwe ndi Blantyre mu Januwale 2023, chinthu choyamba kuyang'ana pasukulu ndi chimenechi. Phala lake ndi la mgaiwa wosakaniza soya, masiku ena la nsinjiro, amafunsiratu ngati mwana sayanjana ndi mtedza.

Zondidandaulitsa zilipo ndithu. Choyamba ndi Chingerezi choloweza. Mmawa uliwonse ana amaima n'kumakuwa masiku a sabata, miyezi ya chaka, ziwalo za thupi, zonse m'Chingerezi, liwu limodzi, koma mukamufunsa wamng'onoyu kuti chimene wanenacho n'chiyani amangokuyang'anani. Ndikudziwa kuti makolo ambiri ndi zimene amafuna kumva mwana akafika kunyumba, sukulu nayo ikufuna makasitomala, koma nthawi imeneyo ndi yambiri, bwenzi ikupita ku nkhani ndi masewero. Mwana amene wayamba wadziwa kuwerenga m'chiyankhulo chomwe amalota nacho savutika, ndipo mabuku a boma a National Reading Programme omwe anayamba mu 2016 ku Sitandade 1 amayambiranso pa malembo ndi maphatikizo a Chichewa omwewa.

Chachiwiri bwalo ndi laling'ono, katungwe mmodzi ana onse aja, nyengo ya mvula matope okhaokha nde amangowatsekera mkati. Chachitatu, chomwe chimandipweteka kwambiri, uthenga pa gulupu ya WhatsApp umabwera mochedwa ndipo nthawi zina amaiwala kuti pali ana osabwera tsiku lililonse. Anajambulitsa zithunzi za kalasi Lachinayi, ife osadziwa, mwana wanga anakapeza anzake akuonetsana zithunzi iye mulibemo, analira njira yonse. Ndinakawauza ahedi, anapepesa bwinobwino ndipo pano zochitika zikuluzikulu amaika Lachisanu, komabe mpofunika kumafunsa nokha. Ndalama ya galajuweshoni nayonso yakwera, gauni, keke, zokongoletsa, pa mwana woti akungopita Sitandade 1, zimenezo bwenzi atapanga zosakakamiza.

Ena amandifunsa ngati mwana satsalira anzake. Wamkulu wangayu sanatsalire, akuwerenga mawu afupiafupi ngati mano, mutu, tate, amalemba dzina lake, ndipo anzake ali nawo, saopa kuyankhula pagulu. Seputembala akubwerayu akhala atakwana zaka 6 zoyambira pulayimale, ndipo poti ku sukulu zaboma kalasi imodzi kukhala ndi ana opitirira 100 si zachilendo, mtima wanga uli m'malo kuti akukalowa atagwira kale malembo, mphunzitsi wake sadzakhala ndi mpata womukhalira payekha.

Nde kwa amene muli ndi munthu wamkulu pakhomo woti angakhale ndi mwana pansi masiku awiriwo, mayi, bambo, agogo, azakhali, ndikuti pitani mukaone, mukafunse za kopelo musanalipire. Koma ngati nonse mumachoka mmawa kubwera usiku ndipo mwana azingotsala ndi TV, mulembetseni ya masiku asanu, amapereka yomweyonso pamalo omwewo. Wamng'onoyu ine ndamulembetsa kale teremu ikubwerayi, masiku atatu omwewo.