Pulogalamu yopima ADHD pa foni: nyenyezi ziwiri basi

Ndimaphunzitsa sitandade 4 kuno ku Bembeke. Masiku ano makolo achinyamata akumandifunsa ngati mwana wawo ali ndi ADHD, vuto lija lolephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi ndi kusakhazikika. Amazimva pa TikTok. Ndiye ndinati ndiyese imodzi mwa mapulogalamu aja amalengezedwa pa intaneti kuti amakupima m'mphindi zochepa.

Bandulo siidya kwenikweni, ndipo mafunso ake ndi afupiafupi. Ubwino wake wathera pomwepo. Zonse zili m'Chingerezi, ndipo imafunsa zinthu zoti aliyense angavomere. Mumaiwala pomwe mwaika makiyi? Mumatopa pamsonkhano wautali? Ndani satopa pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi! Ine inandipeza nalo vutolo. Anzanga a sitandade 6, mayi odekha oti ngakhale choko sataya, nawonso inawapeza nalo. Pamapeto pake akuti kuti muone lipoti lonse mulipire madola pa khadi la kubanki.

Zofunika zenizeni siifunsa. Madokotala amayang'ana ngati zizindikiro zinayamba munthu asanakwane zaka 12, ngati zatha miyezi 6 kapena kuposa, komanso ngati zikuoneka malo oposa amodzi, monga kunyumba ndi kusukulu. Pulogalamuyi siifunsa n'komwe ngati mwana wadya. Mu Juni, mwana wobwera wopanda juzi, atayenda m'mame m'mimba muli pululu, amangoyang'ana pawindo, kutafuna pensulo, kusunthasuntha pabenchi. Akamwa phala amakhala phee n'kuyamba kulemba. Alipo ena ochepa oti ngakhale akhute samaliza mzere m'kope, chaka ndi chaka. Amenewo ndiwo amandidetsa nkhawa.

Nditangomaliza kuyankha, foni inadzaza ndi makanema a ADHD. Ukaonera mmodzi amakubweretsera ena ofanana, mpaka umayamba kuganiza kuti dziko lonse lili nalo. Chonsecho kafukufuku amaonetsa kuti ndi ana pafupifupi 5 pa 100 alionse. Mu 2022 ofufuza a ku Canada anaunika makanema 100 otchuka a ADHD pa TikTok, n'kupeza kuti 52 anali osocheretsa.

Madolawo kuli bwino muwasandutse thiransipoti. Yambani mwaonana ndi achipatala oona za matenda a maganizo ku chipatala cha boma pa Dedza, kapena St John of God ku Lilongwe, ndipo mutenge makope a mwanayo akawaone.