Miyezi 9 ndikutayipa ndi LibreOffice

Ndili ndi kashopu kotayipa ndi kupulinta pafupi ndi msika: ma CV, makalata ofunsira ntchito, mapulogalamu a ukwati ndi a maliro. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kulipira Microsoft 365 chaka ndi chaka kunayamba kundilemera, poti mtengo wake umatsatira dola. Ndinalimbikirabe kwa kanthawi, kenako miyezi 9 yapitayo ndinaika LibreOffice, pulogalamu yogwira ntchito ngati yomweyo koma yaulere.

Mnzanga wa shopu yoyandikana nayo anapukusa mutu. "Achimwene, zaulere sizilimba. Makasitomala akuthawani." Inenso mumtima ndinali ndi mantha omwewo, chifukwa tinazolowera kuti chodula ndiye chabwino. Komatu pulogalamuyi si ya dzulo. Inayamba mu 2010 kuchokera ku OpenOffice, ndipo amaiyang'anira ndi a The Document Foundation ku Berlin.

Mwezi woyamba ndinavutika, sindibisa. Mayi wina anabwera ndi CV yake pa fulashi, ya masamba awiri. Nditaitsegula inasefukira tsamba lachitatu, dzina la mboni lili lokhalokha pamwamba. Ndinatuluka thukuta mayiwo akundiyang'ana. Vuto linali zilembo: CV inalembedwa ndi Calibri, yomwe munalibe mu kompyuta yangayi. Nditaika Carlito, yomwe zilembo zake n'zofanana muyezo ndi Calibri, masamba anabwerera m'malo mwake. Kuyambira tsiku limenelo, chilichonse chopita kwa kasitomala ndimachisandutsa PDF, ndipo batani lake lili pomwepo pamwamba.

Writer, mbali ya LibreOffice yotayipira, ndaizolowera moti zala zimangoyenda zokha. Calc, yomwe ili ngati Excel, imandiwerengera ndalama za tsiku ndi ngongole za mapepala popanda chovuta. Pomwe ndimasamala ndi mafayilo a Excel okhala ndi ma macro (timalamulo tochititsa fayilo kugwira ntchito zina yokha), ngati amene amabwera nawo a m'maofesi. Ena sayenda bwinobwino, ndipo ndimawauziratu eni ake. Amene ntchito yake yatsamira pamenepo, kulipira kuli ndi phindu lake.

Chimene chandikhudza n'chakuti m'miyezi yonseyi palibe kasitomala ndi mmodzi yemwe anafunsapo kuti ndatayipira pa pulogalamu yanji. Amayang'ana ngati dzina la malemu lalembedwa molondola, ngati inki yagwira. Ndalama ija ya Microsoft 365 ndinagulira tona ndi mapepala.

Sabata yatha mnzanga uja anabwera ndi laputopu yake m'khwapa, akuti ndimuikire.