Kudaiva: Cape Maclear kapena Nkhata Bay kwa ife a ku Dedza?

Anzanga omwe mukufuna kuyamba za kudaiva ndi thanki kumsana, funso limakhala lomweli, tipite ku Cape kapena ku Nkhata Bay? Konse kuli ma instructor, konse mutha kupanga kosi yoyambira ya Open Water yomwe imakulolani kutsika mpaka mamita 18, nde musavutike ndi za satifiketi. Kusiyana kuli kwina.

Cape ndi pafupi, mukatsika Khwekhwerere kudutsa pa Golomoti nkulowera njira ya ku Monkey Bay mwafika nthawi yabwino. Kumeneko ndi mu Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wake wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse mu 1984, nde mbuna zake zosati masewera, pa Thumbi kapena Otter Point zimakuzungulirani mmiyalamo zabuluu zachikasu, ukaima phee umaona ina italavula tiana mkamwa kenako nkutimezanso ikangoona chithunzithunzi chako. Kwa ongoyamba kumene ndi kwabwino. Koma likodzo liliko makamaka mmbali mwa mudzi wa Chembe, mukabwerako patapita masabata angapo kayezetseni, mankhwala ake a praziquantel alipo.

Nkhata Bay ndi ulendo wa tsiku lonse, Salima, Nkhotakota, Dwangwa, msana umachita kuwawa mminibasi. Gombe lake limatsetsereka msanga kulowa kwakuya, miyala ikuluikulu, ndipo chomwe anthu amakumbukira ndi daivi ya usiku, zinsomba zija amazitcha dolphin fish zimabwera kutsata kuwala kwa tochi yako nkumasaka mbuna pomwepo pafupi ndi mkono wako. Ngati ndalama ya transipoti ilipo, pitani mukaone.

Koma nkhani yomwe ife a kuno timayenera kuuzana ndi ya pobwerera, ndipo ambiri saiganizira. Nyanja ili pafupifupi mamita 470 pamwamba pa nyanja yamchere, pomwe pa Dedza boma ndi pafupifupi 1,600. Ukadaiva thupi limakhala lamwa nitrogen ya mu mpweya omwe umapuma mthanki, imafuna ituluke pang'onopang'ono, nde ukakwera phiri msanga mpweya wakunja umapepuka, nitrogen ija imapanga timathovu mmagazi ngati watsegula botolo la Fanta mwachangu. Mfundo kuwawa, dzanzi, chizungulire, zina zoopsa kuposa apo. Lamulo lomwe amaphunzitsa pa zokwera ndege ukadaiva ndi kudikira maola 12 ngati wadaiva kamodzi, 18 ngati wadaiva kangapo, ndipo kukwera Khwekhwerere muzikutenga chimodzimodzi, chifukwa mukukwera mamita oposa 1,000 pakanthawi kochepa.

Apa ndi pomwe kufupi kwa Cape kumapusitsa, munthu amati ndidaiva Lamulungu mmawa, nsima ndi chambo masana, madzulo ndili kunyumba Lolemba kuntchito. Ayi ndithu amwene. Daivani Loweruka, Lamulungu muzingosambira pamwamba ndi masiki basi kenako nkunyamuka. Wa ku Nkhata Bay mpata umapezeka wokha chifukwa ambiri sanyamuka ulendo umenewo madzulo, amagona kaye, ndipo M5 imatsata nyanja maola ambiri musanayambe kukwera. Bola osakwera kupita ku Mzuzu tsiku lomwelo ati kukagula zinthu, nakonso ndi kumtunda.

China, kuno kumazizira, June ndi July ambiri timatsika tili ndi chimfine. Mphuno zikatsekeka makutu sakhazikika, utsina mphuno upumire pang'ono koma osatheka, ukakakamiza uphulitsa khutu, nde ingodikirani chithe. Miyezi yomweyo ndi ya mwera, boti limagwedezeka ndipo madzi amazizirako, pemphani wetsuit (chovala chodaivira) yokhuthala. Madzi amayera bwino kuyambira cha mu September mvula isanagwe.

Ine ndinganene kuti kosi kapangireni ku Cape, transipoti yotsalayo mulipire usiku wina wogona, ndipo gulani masiki yanuyanu yokwana nkhope, zobwereka zija zimalowa madzi. Nkhata Bay muisungire tchuthi chachitali.