Chaka chikukwana ndikugwiritsa ntchito mankhwala a mphumu a Cipla: mmene andithandizira ndi zimene ndadziwa za kampaniyi

Mankhwala amene ndikufotokoza pano ndi awiri, Asthalin ndi Beclate, ndipo onse amapangidwa ndi kampani ya ku India yotchedwa Cipla. Onse ndi opopera m'kamwa, aja ambiri timangowatchula kuti inhela. Ndinayamba kuwagwiritsa ntchito dokotala atandiuza kuti mphumu yanga, imene ndakhala nayo kuyambira ndili mwana, yafika poti siyingagonjenso ndi mapiritsi omwa pokhapokha chifuwa chikabanika. Ndinachedwa dala kulemba maganizo anga mpaka nditadutsa nawo nyengo zonse, chifukwa aliyense wodwala mphumu amadziwa kuti matendawa amayenda ndi nyengo. Chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chili ndi vuto lake, fumbi ndi utsi wa tchire lotenthedwa mu Seputembala ndi Okutobala zili ndi lawo, ndipo chinyezi cha dzinja nachonso sichimusiya munthu.

Ntchito za mankhwala awiriwa n'zosiyana, ndipo kusamvetsa kusiyana kwake ndi kumene kumavulaza anthu ambiri. Asthalin, wa mtundu wabuluu, ali ndi salbutamol, amene amamasula timinofu tozungulira njira za mpweya kuti munthu wobanika ayambenso kupuma pakangopita mphindi zochepa. Kopopera kamodzi kamapopa maulendo 200. Beclate ali ndi beclomethasone, amene sachiza kubanika nthawi yomweyo, koma amaphwetsa pang'onopang'ono kutupa kwa m'kati mwa njirazo, choncho amafunika m'mawa ndi madzulo ngakhale tsiku limene munthu akumva bwino. M'masabata oyamba sindinaone kusintha kwenikweni, monga mmene anandichenjezera kuchipatala. Patatha mwezi ndi kupitirira ndinazindikira kuti ndasiya kudzuka pakati pa usiku ndi chifuwa cholira mluzu, ndipo kopopera kabuluu kaja, kamene kale sikankachedwa kutha, kanayamba kukhala miyezi. Nyengo yozizira inadutsa osagonekedwa m'chipatala, chinthu chimene chinali chisanachitike kwa zaka zingapo. Fumbi la mu Okutobala linandibanikitsa ndithu, koma Asthalin anagwira ntchito yake nthawi iliyonse imene ndinamufuna. Namwino anandiphunzitsa kuchukucha m'kamwa ndikatha kupopera Beclate, popeza mankhwala onse a gulu limenelo, kaya apangidwa ndi yani, amatha kusasitsa mawu kapena kuyambitsa tizilonda toyera m'kamwa, ndipo potsatira malangizowo sindinakumane ndi vuto limeneli.

Funso limene achibale akhala akundifunsa kawirikawiri ndi lakuti kodi mankhwala otchipa a ku India amenewa ndi enieni, kapena ndi ongofanizira chabe a ku Ulaya. Funsoli si lopanda nzeru, makamaka tikakumbukira ana ambiri amene anamwalira ku Gambia mu 2022 atamwa mankhwala a chifuwa oipitsidwa ochokera ku kampani ina yaing'ono ya ku India komweko. Ndi funso limeneli limene linandichititsa kufufuza za Cipla. Salbutamol anatulukira ku Britain, kumene kampani ya Allen & Hanburys, ya m'gulu la Glaxo, inayamba kumugulitsa mu 1969 m'dzina la Ventolin, ndipo beclomethasone wopopera anabwera mu 1972 kuchokera ku kampani yomweyo. Wotulukira mankhwala amapatsidwa patenti, chilolezo chomulola kuwapanga ndi kuwagulitsa yekha kwa zaka zingapo, masiku ano zaka 20. Nthawiyo ikatha, kampani ina iliyonse ikhoza kuwapanga, bola isonyeze kwa oyang'anira mankhwala kuti ake amagwira ntchito m'thupi mofanana ndi oyambawo. Patenti za mankhwala anga awiriwa zinatha kalekale. Chimene chimatsitsa mtengo n'chakuti wopanga wachiwiriyo sawononga ndalama zofufuzira mankhwala atsopano, ndiponso amapikisana ndi anzake ambiri pamsika.

Cipla inakhazikitsidwa mu 1935 mumzinda wa Bombay, umene tsopano ndi Mumbai, ndi Khwaja Abdul Hamied, katswiri wa sayansi ya mankhwala amene anaphunzira ku Berlin. Panthawiyo India inali m'manja mwa atsamunda a ku Britain ndipo pafupifupi mankhwala onse amakono ankachokera kunja. Mahatma Gandhi anayendera kampaniyi mu 1939, chaka chimene nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inayamba ndi kusokoneza kubwera kwa mankhwala kuchokera ku Ulaya. Mwana wa mwini wakeyo, Yusuf Hamied, anaphunzira ku Cambridge ndipo analowa m'kampaniyi mu 1960, kenaka anaitsogolera bambo ake atamwalira mu 1972. Chimene chinasintha zinthu kwambiri si nzeru za banja limeneli zokha, koma lamulo. Mu 1970 nyumba ya malamulo ya India, mu ulamuliro wa Indira Gandhi, inakhazikitsa lamulo latsopano la patenti limene linayamba kugwira ntchito mu 1972. Lamuloli linati pa mankhwala ndi zakudya, munthu angateteze njira yake yopangira chinthu koma osati chinthucho. Motero katswiri wa ku India akapeza njira ina yofikira pa mankhwala omwewo, ankaloledwa kuwapanga ndi kuwagulitsa. Makampani a mayiko olemera ankati kumeneku n'kuba nzeru za ena, pamene Yusuf Hamied ndi anzake ankati dziko la anthu osauka silingasiye moyo wa anthu ake m'manja mwa wogulitsa mmodzi. Pa maziko amenewa ndi pamene panamangidwa mafakitale amene lero akudyetsa zipatala zathu.

Kwa ife Amalawi, mbiri ya kampaniyi ili ndi gawo limene sindingathe kulidutsa mothamanga. Amene tinali akuluakulu kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 tikukumbukira mmene maliro ankachulukira chifukwa cha Edzi, mmene aphunzitsi, anamwino ndi asilikali ankathera, komanso mmene agogo anasandukira olera ana amasiye. Mankhwala otalikitsa moyo analipo kale ku America ndi ku Ulaya kuyambira 1996, pamene zinadziwika kuti kuphatikiza mitundu itatu kumafooketsa kachilombo ka HIV m'thupi, koma mtengo wake unali madola oposa 10,000 pa munthu mmodzi pachaka. Mu Febuluwale 2001, Cipla inalengeza kuti ipereka mankhwala atatuwo ku bungwe la madokotala othandiza pa mavuto la Médecins Sans Frontières pa madola 350 pa munthu mmodzi pachaka, kutanthauza ndalama yosakwana dola imodzi patsiku. Patangopita miyezi iwiri, mu Epulo, makampani 39 amene anasumira boma la South Africa chifukwa cha lamulo lake lofuna kutsitsa mitengo ya mankhwala anathetsa mlanduwo, ndipo mu Novembala chaka chomwecho mayiko a m'bungwe la zamalonda padziko lonse anagwirizana ku Doha kuti malamulo a patenti asatsekereze dziko kuteteza thanzi la anthu ake.

Chinthu china chimene Cipla inachita chinali chofunika mofanana ndi mtengowo. Mankhwala atatu aja, stavudine, lamivudine ndi nevirapine, anali a makampani atatu osiyana, ndipo palibe mwa iwo amene akanawaika pamodzi. Popeza lamulo la India silinkaletsa, Cipla inawaphatikiza m'piritsi limodzi lotchedwa Triomune, lomwa limodzi m'mawa ndi limodzi madzulo. Pamene Malawi inayamba kupereka ma ARV aulere m'zipatala za boma mu 2004 ndi ndalama za Global Fund, thumba la padziko lonse lolimbana ndi Edzi, TB ndi malungo, inayambira pa mankhwala atatu ophatikiza amenewa, ndipo kusavuta kwake n'kumene kunalola kuti madokotala othandizira ndi anamwino a m'maboma aziwapereka m'dziko limene madokotala akuluakulu anali owerengeka. Stavudine anali ndi zovuta zake zoopsa, monga dzanzi ndi kuotcha kwa mapazi komanso kuphwa kwa masaya kumene kunkaulula munthu pagulu, ndipo patsogolo pake anasiyidwa. Komabe ndili ndi achibale amene anadzuka pamphasa chifukwa cha piritsi limenelo, ndipo alipo mpaka lero, akulera zidzukulu.

Sindikufuna kuti mbiri yabwinoyi iphimbe zinazo, chifukwa Cipla ndi kampani yochita malonda, yokhala ndi eni masheya ofuna phindu, ndipo yakhala ikulakwitsa ngati ena onse. Mu 2004 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linachotsa mankhwala ake awiri a HIV pa mndandanda wa ovomerezeka, litapeza kuti kampani imene inalembedwa ntchito yoyesa kufanana kwake ndi oyamba aja sinatsate ndondomeko, ndipo anabwezeretsedwa chaka chomwecho atayesedwanso. Bungwe loyang'anira mankhwala ku America la FDA linailembera kalata yochenjeza mu 2020 chifukwa cha fakitale yake ya ku Goa, ndi ina mu 2023 chifukwa cha fakitale ya ku Pithampur. M'chaka chomwecho cha 2023 kampaniyi inabweza pamsika wa ku America magulu asanu ndi limodzi a zopopera za salbutamol (gulu ndi mankhwala opangidwa ulendo umodzi pafakitale) chifukwa cha vuto la kudontha pa chotulutsira mankhwala. Nkhani yomalizayi inandikhudza kwambiri, popeza ndi mankhwala a mtundu womwewo umene ndimayenda nawo m'thumba. Zopopera zanga zonse zakhala zikugwira ntchito bwino, koma chimene ndinatolapo n'chakuti chitetezo changa chagona pa oyang'anira amene amalowa m'fakitale ndi kuwerenga mabuku ake. Kuno kwathu udindo umenewo uli ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo ndimaona kuti mphamvu ndi ndalama zimene limapatsidwa ziyenera kutidetsa nkhawa tonse amene timadalira mankhwala tsiku ndi tsiku.

Malonda a kampaniyi nawonso asintha. India inalowa m'pangano la malamulo a patenti la padziko lonse, ndipo kuyambira 2005 inayamba kuteteza mankhwala enieniwo, osati njira yowapangira yokha. Zimene zinachitika ndi Triomune sizingabwerezedwe mosavuta pa mankhwala atsopano a khansa kapena a shuga. Masiku ano njira yofala ndi yopempha chilolezo kwa mwini patenti, monga mmene zinakhalira ndi dolutegravir, mankhwala a HIV amene mwini wake, kampani ya ViiV, inalola mu 2014 kudzera ku bungwe lokambirana za zilolezo zotere la Medicines Patent Pool kuti makampani angapo azimupanga, ndipo ali m'piritsi limene ambiri akumwa m'Malawi muno kuyambira 2019. Cipla inayang'ananso kumisika ya ndalama zambiri. Mu 2013 inagula Cipla Medpro ya ku South Africa, mu 2016 inagula makampani a InvaGen ndi Exelan a ku America pa madola 550 miliyoni, ndipo mu 2020 inalandira chilolezo chogulitsa zopopera zake za salbutamol ku America. Mu 2023 inagulitsa gawo lake m'fakitale ya Quality Chemical Industries ya ku Kampala, imene imapanga ma ARV ndi mankhwala a malungo. Kugulitsa kumeneku sikunandisangalatse, chifukwa ndimakhulupirira kuti Africa iyenera kumapanga mankhwala ake ambiri, ndipo kampani imene inatchuka chifukwa cha odwala a ku Africa ndikanakonda ikanazamitsa mizu yake kuno. Fakitaleyo ikugwirabe ntchito pansi pa eni ena.

Vuto lalikulu limene ndakumana nalo m'miyezi yonseyi silikukhudza ubwino wa mankhwalawa, koma kapezekedwe kake. Salbutamol amapezeka pafupifupi m'famase iliyonse ya m'tauni, pamene kopopera koteteza kaja kamasowa, ndipo kuchipatala chaching'ono chimene ndimapitako nthawi zambiri amangondilembera kuti ndikagule. Mtengo wa m'famase umakwera pamodzi ndi dola, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mankhwala amene pafakitale ndi otchipa amafika kwa wodwala ali olemetsa thumba. Zotsatira zake n'zakuti anthu ambiri amagula kabuluu kokha, kamene kamapereka mpumulo wa nthawi yomweyo, n'kusiya kamene kamaletsa kubanikako. Akatswiri a bungwe la Global Initiative for Asthma anasiya mu 2019 kulimbikitsa kuti akuluakulu azidalira salbutamol yekha, chifukwa kutero kumasiya kutupa kukukula mwakachetechete mpaka tsiku la kubanika koopsa. Cipla imapanganso Foracort, wophatikiza budesonide ndi formoterol, amene ali m'gulu limene malangizo atsopanowo amakonda, koma kwa ine mtengo wake ukadali wokwera.

Ndipitiriza kugwiritsa ntchito Asthalin ndi Beclate, ndipo munthu amene dokotala wamulembera mankhwala amenewa asaope chifukwa choti ndi a ku India kapena chifukwa choti mtengo wake ndi wotsika poyerekeza ndi Ventolin. Azigula m'famase yovomerezeka osati pamsika kapena kwa oyenda nawo m'zikwama, aziona tsiku lothera mphamvu ndi nambala ya gulu pa katoni ndi pa kachitini, ndipo apemphe namwino amuonetse kapoperedwe koyenera, chifukwa mankhwala ambiri amathera pa lilime munthu akapopa asanayambe kukoka mpweya. Amene akuona kuti akufuna kabuluu kangapo pa sabata abwerere kuchipatala akafunse za mankhwala oteteza.