Uthenga ukabwera kawiri: zomwe Pub/Sub yandiphunzitsa kuno kunja

Abale anga amene mukuphunzira kulemba mapulogalamu kwathuko, pepani ndakhala chete nthawi yaitali, ntchito ya kuno inandimeza. Ambiri mwakhala mukufunsa kuti kwenikweni ndimatani tsiku lonse pa kompyuta, ine n'kumangoyankha kuti "za mauthenga", ngati kuti ndinalembedwa ntchito ku positi. Lero ndilongosole bwinobwino, makamaka chinthu chimodzi chomwe ndinachidziwa nditapsa kale.

Kampani yomwe ndikugwirako imatumiza katundu kwa anthu ogula pa intaneti. Munthu akangolipira, pamafunika kuti osunga katundu adziwe, risiti ipangidwe, imelo ipite kwa wogulayo. Pulogalamu yolandira malipiro ikamauza aliyense payekhapayekha, mmodzi akagwa onse amaima. N'chifukwa chake timagwiritsa ntchito Pub/Sub ya Google Cloud, mkhalapakati wonyamula mauthenga pakati pa mapulogalamu, yomwe inatsegulidwa kwa aliyense mu 2015. Wotumiza amangoponya uthenga pa topic, malo okhala ndi dzina oponyapo mauthenga, iye zake zathera pomwepo, sadziwa n'komwe amene akumvetsera. Wofuna kumva amakhala ndi subscription yake, njira yolandirira zoponyedwa pa topic imeneyo, ndipo subscription iliyonse imalandira kope lake la uthengawo. Koma mukamangirira mapulogalamu atatu pa subscription imodzi, sikuti onse atatu apatsidwa uthenga womwewo ayi, amagawana ntchito. Sabata yanga yoyamba inathera pa kusiyanitsa ziwirizi.

Pakati pa code yanu ndi Pub/Sub pamakhala client library, code yolembedwa kale yomwe imalankhula ndi Pub/Sub m'malo mwanu. Ilipo ya Java, Go, Node.js, C# ndi zinenero zina, ife timalemba mu Python. Mumalemba pip install google-cloud-pubsub, n'kupanga PublisherClient, n'kuipatsa dzina la topic ndi uthenga wanu, womwe uyenera kukhala bytes ndipo usapitirire 10 MB. Mizere yosakwana 15, uthenga wapita. Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndikudziona katswiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nyerere yoyamba inali yaing'ono. Mukaitana publish, library siitumiza uthenga nthawi yomweyo. Imayamba yausunga pang'ono kudikira anzake kuti apitire limodzi, mpaka afike 100, kapena akwane pafupifupi 1 MB, kapena padutse mamilisekondi 10, chomwe chayamba kukwana. Inu imakubwezerani future, lonjezo chabe loti yankho likubwera. Kapulogalamu kanga koyesera kankatumiza n'kutseka msangamsanga, mauthenga omaliza n'kufera m'njira. Ndinawafunafuna ku cloud pafupifupi theka la tsiku, pamene sanatuluke n'komwe mu laputopu yanga. Dikirani result ya future iliyonse musanatseke. Kolandira nakonso n'chimodzimodzi: subscribe imabwerera nthawi yomweyo, ntchito imachitikira kumbuyo, ndiye mukapanda kuidikira pulogalamu imatha isanamve kanthu.

Tsopano nkhani yeniyeni. Wolandira akamaliza ntchito ya uthenga amayenera kuvomera kuti wathana nawo, kumeneku timati ack. Pub/Sub imadikira ack kwa masekondi 10 ngati simunasinthe, ndipo mungakweze mpaka 600. Ikapanda kuimva, imaganiza kuti mwafa, n'kupereka uthengawo kachiwiri, kwa inu kapena kwa mnzanu wa pa subscription yomweyo. Apa library imakuthandizani mwakachetechete: pamene mukugwira ntchito, yokha imapempha nthawi yowonjezera, mpaka ola lathunthu mu Python. Ndiye ine poona kuti zonse zikuyenda, ndinakhazikika mtima kuti uthenga uliwonse umafika kamodzi basi.

Ndinapatsidwa kulemba gawo lotumiza imelo ya risiti. Ndondomeko yanga inali yooneka yanzeru: landira uthenga, tumiza imelo, lemba mu database kuti yapita, kenako ack. Pakavuta china chilichonse, nack, kutanthauza kuti ndalephera, ubwerenso. Zinayenda masabata atatu popanda chovuta. Lachisanu lina madzulo kunabwera wogula wa adiresi yaitali kuposa malo omwe ndinaisiyira mu tebulo langa. Imelo inapita bwinobwino, database inakana, code yanga inachita nack. Subscription yathu inali yoti uthenga wokanidwa uzibwerera nthawi yomweyo, choncho unabwera, imelo inapitanso, database inakananso. Kuzungulira kokhakokha. Pamene foni yanga imalira, munthu wosalakwayo anali atalandira risiti imodzimodzi kambirimbiri, ndipo anali atalemba kale kufunsa ngati tamudula ndalama kangapo.

Ndinathamangira ku laputopu mtima uli m'mwamba, ndikuganiza za chitupa changa chogwirira ntchito, poti kuno ntchito ikatha ndiye kuti zambiri zatha. Lolemba lake mkulu wa gulu lathu sanakalipe. Anakoka mpando, natsegula code yanga, n'kundifunsa funso limodzi: uthenga umenewu ukabwera kawiri, chichitike n'chiyani? Ndinati sungabwere kawiri. Anangondionetsa pomwe zinalembedwa poyera, kuti lonjezo la Pub/Sub ndi lakuti uthenga udzafika kamodzi kapena kuposerapo. Panalibe chomwe chinaonongeka kumbali yawo. Makinawo anachita ndendende zomwe ananena, ine ndi amene sindinawerenge. Safunsa anadya phula.

Kukonza kwake kunatenga masiku awiri, ndipo mbali yaikulu inali kuganiza, osati kulemba. Uthenga uliwonse tinaupatsa chizindikiro chathuchathu, nambala ya oda pamodzi ndi mtundu wa ntchito, ndipo tebulo limakana chizindikiro chimodzi kulowa kawiri. Ndisanatumize imelo ndimayamba ndalemba chizindikirocho. Chikapezeka kuti chilimo kale, ndimangochita ack n'kupitirira. Mwina mufunsa kuti bwanji osagwiritsa ntchito message ID yomwe Pub/Sub imapereka yokha. Imathandiza uthenga womwewo ukabwezedwa, koma wotumiza akabwereza kutumiza chifukwa netiweki inaduka asanamve yankho, wachiwiriyo amapatsidwa ID yatsopano ngakhale nkhani yake ndi yomweyo. Ndisakunamizeni kuti mpata watsekeka wonse. Pulogalamu ikafa nditalemba chizindikiro koma imelo isanapite, risiti imeneyo imatsala. Tinasankha dala kuti kuchedwa kwa risiti imodzi n'kwabwino kuposa kuopseza munthu ndi mulu wa marisiti, ndipo pali kantchito kena komwe kamadzatola zotsalazo.

Pali batani lotchedwa exactly-once delivery, kutanthauza kufikitsa uthenga kamodzi kokha, lomwe linabwera mu 2022, ndipo nditalimva ndinati bwanji sitinangoliyatsa. Limagwira pa subscription za pull zokha, zomwe wolandira amadzitengera yekha mauthenga, m'chigawo chimodzi cha Google Cloud, ndipo chomwe limatsimikiza n'chakuti uthenga womwe ack yake yalandiridwa sudzabweranso. Vuto langa silikanatha nalo, chifukwa ine ack sindinkafikapo n'komwe.

Zinthu ziwiri zomwe zikanachepetsa manyazi anga zili pa subscription, osati mu code. China ndi kuuza Pub/Sub kuti izipumira isanabweze uthenga wokanidwa, kuyambira masekondi 10 n'kumatalikitsa mpaka 600. Chinacho ndi dead-letter topic, malo oponyako uthenga womwe walephera kangapo. Mumasankha nokha pakati pa 5 ndi 100. Uthenga wa adiresi yaitali uja ukanayesedwa kasanu n'kukagona pambali kudikira munthu. Kumbukirani kuika subscription pa topic yapambaliyo, apo ayi mauthengawo alibe powasungira.

Ndinakumananso ndi flow control, malire a mauthenga omwe wolandira amagwira nthawi imodzi, ngakhale iyi sinandichititse manyazi pagulu. Library ya Python imatha kugwira mauthenga mpaka 1000 nthawi imodzi ngati simunaiuze zina. Pa ntchito yopepuka palibe vuto. Koma kupanga risiti kumatenga nthawi, ndiye seva imodzi inkakumbatira mulu wonse, inzake ili manja lende, memory n'kumadzaza. Tinatsitsa kufika pa 20, ntchito inayamba kugawika bwino. Za ndondomeko ya mauthenga ndingonena mwachidule: musayembekeze kuti afika m'mene anatumizidwira. Ngati ndondomeko ndi yofunika, pali ordering key, chizindikiro choti mauthenga okhala nacho chofanana azifika motsatana, yomwe muyenera kuiyatsa mbali zonse ziwiri, kwa wotumiza ndi pa subscription.

Tina ting'onoting'ono tomwe timapunthwitsa alendo: subscription imangolandira zomwe zatumizidwa iyo itapangidwa kale, choncho ipangeni musanayambe kutumiza. Uthenga wopanda ack umasungidwa masiku 7 ngati simunasinthe. Subscription yomwe yakhala masiku 31 osakhudzidwa imafufutika yokha pokhapokha mutaletsa. Ndipo fayilo ya makiyi a service account, akaunti yomwe pulogalamu imalowera nayo ku cloud, isalowe mu Git ngakhale tsiku limodzi. Pa kompyuta yanu gwiritsani ntchito gcloud auth application-default login, library imadzipezera yokha chilolezo.

Inu achimwene amene munandifunsa ngati mungaphunzire izi musanapeze ntchito, yankho ndi inde. Pali emulator, pulogalamu yotsanzira Pub/Sub, yomwe imayenda pa kompyuta yanu yomweyo. Mukaika gcloud, chida cholamulira Google Cloud polemba malamulo, ndi Java, mumalemba gcloud beta emulators pubsub start, imatsegula pa port 8085, kenako mumaika PUBSUB_EMULATOR_HOST kuti iloze pamenepo, library n'kumalankhula nayo ngati cloud yeniyeni. Siichita zonse zomwe yeniyeniyo imachita, koma topic, subscription, ack ndi nack zilimo. Pangani wotumiza mmodzi ndi olandira awiri. Uthenga uliwonse uzilemba mzere mu fayilo, kenako udikire masekondi angapo usanachite ack. Pakatikati pa kudikirako iphani pulogalamu yolandirayo mwadala, muiyatsenso, mutsegule fayilo muwerenge mizere. Mukapeza wobwereza, konzani code mpaka muiphe kakhumi mizere osachuluka, kenako munditumizire ndione momwe mwachitira.