Edward kapena John: mwana timutche dzina liti?

Mayina awiriwa timangoti ndi achingerezi, koma lobadwira ku England ndi limodzi lokha, Edward. Linachokera ku mawu awiri a Chingerezi chakale: ead, kutanthauza chuma kapena mwayi, ndi weard, mlonda. Ndiye kuti mlonda wa chuma. Anthu a ku Normandy, dera la ku France, atalanda England mu 1066, mayina ambiri amtunduwu anazimiririka. Edward linapulumuka makamaka chifukwa Henry III, mfumu yomwe inkalemekeza kwambiri mfumu ina yakale ya England, Edward the Confessor, inapatsa mwana wake dzinali mu 1239.

John ndi lobwera. Gwero lake ndi Chihebri, Yohanan, "Yehova wachita chisomo", ndipo linadzera m'Chigiriki ndi m'Chilatini lisanafike ku England. N'chifukwa chake lili ndi abale konsekonse: Ivan ku Russia, Seán ku Ireland, Yohane m'Baibulo lathu. Kwathu kuno ukangolitchula, ambiri amakumbukira Chilembwe.

Pa tanthauzo ine ndili kumbali ya John, makamaka kwa banja lomwe ladikira mwana nthawi yaitali. Vuto lake n'kufala: mphunzitsi akaitana "John!", mitu ingapo imatembenuka. Edward nthawi zambiri amayankha yekha.